Mmene Zulmira Anaphunzirira Njinga

Anthu akamuona Zulmira akudutsa pa njinga, thumba la mchere lili pa kaliyala, amati mayi ameneyu anabadwira pa chishalo. Bodza limenelo. Ine ndinali woyandikana naye nyumba ku Milange, ndipo ndinaona ndi maso angawa mmene anayambira. Anali ndi zaka makumi anayi, ana anayi, ndipo anali asanapondepo pedulo chibadwire.

Chinali chaka cha 1989, asilikali a boma atabwerera m'tauni, ife tikutuluka m'tchire mmodzimmodzi. Nyumba zinalibe zitseko. Mwamuna wake, Abílio, anafukula njinga yomwe anaikwirira pansi pa khola la nkhuku nkhondo itafika, naipaka mafuta, nkuyamba kuwoloka kupita ku Muloza kukatenga mchere ndi sopo. Banja lonse linkadya kuchokera pa njinga imeneyo. Kenako chifuwa chinamugwira. Ankati akapalasa pang'ono, nkutsika, nkugwira mtengo, nkutsokomola mpaka kulavula magazi.

Tsiku lina anauza mkazi wake kuti, "Mayi a Domingas, muphunzire njinga ndikadali ndi mpweya wothamangira kumbuyo kwanu."

Zulmira sanakane, sanavomerenso. Masiku amenewo nkhope yake sinkaonetsa kanthu. Mwana wake woyamba anatengedwa ndi a mfuti, mayi ake anafera m'njira pothawa, ndipo misozi inali itamuthera. Ukamuuza nkhani yabwino ankati "chabwino," ukamuuza yoipa ankatinso "chabwino." Anangobwereka kabudula wa mwamuna wake nkuvala mkati mwa chitenje.

Malo ophunzirira anasowa. Pa bwalo la mpira panali misasa ya asilikali, ndipo mumsewu munkathamanga malole awo osaona munthu. Panatsala kanjira ka m'mbali mwa mtsinje, kumunsi kwa tauni, komwe tinkadzera popita kukachapa. Kanali kosalala, kopanda chitunda, koma kopapatiza, anthu awiri osatha kuyendamo mogundana mapewa. Tinkakakhulupirira chifukwa tinkapondamo tsiku ndi tsiku. Udzu wa uku ndi uku palibe ankaudziwa. Munali mabomba okwirira, omwe ife tinkati mina, ndipo mbuzi ya Nicolau, mnansi wathu, inaphulika momwemo ife tikuona.

Munthu wophunzira njinga amapita kumene njingayo yafuna. Nchifukwa chake Abílio anali ndi lamulo limodzi lokha. "Mukamagwa, igwerani m'njira. Phazi lisaponde udzu."

Ankagwira kaliyala ndi manja onse awiri, akuthamanga chowerama. Zulmira akapendekera kuudzu, iye ankakoka njinga ndi mphamvu zonse, onse awiri nkugwera pa dothi louma. Amayi pa dooko ankaseka mpaka kugwira nthiti, ati mkazi wamkulu kukhanyula miyendo ngati mnyamata. Zinkandinyansa kwambiri. Omwewo mawa lake ankabwera kudzapempha kamchere pa tsamba.

Anachita zimenezi mmawa uliwonse kwa milungu iwiri. Mawondo a Zulmira anali zilonda zokhazokha. Mtunda womwe Abílio ankatha kuthamanga unkafupika tsiku ndi tsiku, ndipo tonse tinkaona, ngakhale panalibe wonena.

Lachinayi lina ndinali pa mwala ndikuchapa pamene anadutsa. Atafika pa mtengo wa mkuyu, Abílio anasiya kaliyala. Ndi mmene amaphunzitsira onse, amakusiya osakuuza. Koma iye sanayimirire nkumaseka ngati aphunzitsi ena. Anagwada pakati pa njira, kenako anakhala pansi.

Zulmira anapitirira. Maso ali kutsogolo, msana uli njo, akulankhula ndi munthu yemwe kunalibe.

"Gwiritsani, bambo a Domingas. Musasiye. Mwagwira?"

Ndinafuna kukuwa, koma ndinaopa kuti akacheuka agwera muudzu. Ndinatseka pakamwa ndi dzanja la thovu. Anayenda mpaka pa mlatho wothyoka pomwe kanjira kamathera, nafinya mabuleki, naponda pansi bwinobwino. Apo ndi pomwe anacheuka.

Kukhota anali asanaphunzire, ndipo malo okhotera panalibe. Ananyamula njinga m'mwamba, natembenuka nayo pomwe anayimapo, naikhazika. Anayang'ana kutali komwe kunali mwamuna wake. Ndinkaganiza kuti aikankha. Anakwera yekha, popanda womugwirira, nabwerera akugwedera.

Ndinafika pa mkuyu limodzi naye. Abílio anali atalavula magazi ambiri pa dothi, ndipo anali kuwakwirira ndi phazi.

"Munandisiya liti?" anafunsa Zulmira.

"Pompano. Mwapita nokha, mwabweranso nokha."

"Chabwino," anatero Zulmira.

Abílio anayesa kuyimirira koma miyendo inakana. Kunyumba kunali patali ndithu. Ndinati ndikaitane amuna adzamunyamule, iye anapukusa mutu nkuloza kaliyala. Ndinamukalipira kuti wapenga, mkazi wangophunzira lero, udzu uli apo ndi apo. Anandiyankha kuti thumba la mchere silidikira munthu azolowere, bola ayambire pa katundu wotha kumuuza zochita.

Ndinamukweza ndine. Ndinamugwira m'khwapa ndipo ndinachita mantha, munthu wamkulu kupepuka ngati mtolo wa mapesi. Ndinagwira kaliyala, nkuthamanga nawo pang'ono, nkusiya.

Abílio anamwalira mvula yoyamba isanagwe. Zulmira analera ana atatu otsalawo ndi njinga imeneyo, ndipo sindinamuonepo akulira, ngakhale pa maliro. Koma tsiku lija, akutalikira pa kanjira, ndinamva mawu ake akunjenjemera koyamba chiyambire nkhondo. Kumbuyo kwake sankamva kulemera kulikonse, ndipo kucheuka sakanatha.

"Bambo a Domingas, mulipo?"

"Ndilipo. Palasani."

Anayenda pang'ono, nafunsanso.