Ndinadwalitsa mkazi wanga pa lamya

Inu owerenga, sekani ndithu, koma ine mpaka kumera imvi ndinkakhulupirira kuti kompyuta ndi taipi imene angoiveka galasi. Sukulu ndinalekeza sitandade faifi, kenako ndinakhala mesenjala pa boma pano pa Nkhotakota, ndiye taipi ndinkaidziwa. Ndinkadziwanso zimene mabwana ena ankachita ndi atsikana otaipa chitseko chikatsekedwa. Uchitsiru umenewu unaphera mwana wanga mwayi, ndipo ndikamaukumbukira mtima umawira mpaka lero.

Zinachitika matipate atangolowa kumene, nthawi imene aliyense anasanduka katswiri. Munthu wosayina ndi chala ankakufotokozera za chuma cha dziko uku akukuyezera usipa.

Mwana wanga Zainabu anasankhidwa kupita ku yunivesite ku Zomba kukaphunzira uphunzitsi. Mwana wa mesenjala, wamkazinso! Ndinkayenda mumsika ngati sitima ya panyanja ndi yanga. Atabwera ku holide anatiuza kuti akufuna kusintha, alowe maphunziro a kompyuta. Anati malo ndi ochepa, olimbirana ndi ambiri, pafupifupi onse anyamata. Amatenga okhoza masamu, kenako pali mayeso apadera a tsiku limodzi, ndipo ukawaphonya basi, khomo latsekeka. Makinawo anali owerengeka, moti iye ankalawirira m'mamawa kukaima pamzere kuti awagwireko. Mayi ake analuluta. Ine ndinangoti tiona.

Ndiye m'malo mofunsa mwini nkhani, ndinaitengera ku bawo. Kumeneko kunali a Jafali, kalaliki wopuma, munthu wolankhula Chingerezi ngakhale pothamangitsa mbuzi. Anandiyang'ana mondimvera chisoni.

"Achimwene, mwana wanu akufuna usekilitale. Digiri yonse ikathere kutaipira bwana makalata ndi kumuphikira tiyi?"

Anzathu anafa nacho chiseko. Wina anayamba kundiitana kuti apongozi a bwana, ndipo dzinalo linandikakamira ngati nkhupakupa. Ndinafika kunyumba ndili moto, n'kumuletsa. Zainabu anagwada bwinobwino n'kunena kuti, "Ababa, si taipi." Anayamba kufotokoza za masamu ndi zina zotero, ine ndinamudula. Ndinati dzira silingaphunzitse nkhuku. Anabwerera kusukulu, koma ndinkadziwa kuti sanamve, chifukwa makani anatengera mayi ake.

Tsiku la mayesolo ndinalimva akuuza mayi akewo asananyamuke. Litayandikira ndinapita ku positi ofesi, n'kuimba lamya kogona atsikana, n'kusiya uthenga kwa mlonda kuti mayi a Zainabu ali kayakaya, abwere msanga ngati akufuna kuwapeza amoyo. Ndinachita kunjenjemeretsa mawu, inu. Potuluka ndinadzitama kuti nzeru sizili kusukulu kokha.

Mwana anauyamba ulendo nthawi yomweyo. Anagona pa depoti, kuchokera ku Salima anakwera matola pamwamba pa matumba, n'kufika pakhomo dzuwa lili pamutu, tsiku lenileni la mayeso. Maso anali otupa, nkhope yonse fumbi, m'manja atanyamula buledi ndi malalanje a wodwala. Anapeza mayi ake akusinja chinangwa, munsi ukulira mpaka kumsewu.

"Amayi, mwachira?"

"Ndinadwala liti ine?"

Onse awiri anatembenukira kwa ine. Ndinayesa kuseka, n'kunena kuti ndamupulumutsa ku mabwana, adzandithokoza akadzakula. Sanalire, sanatukwane. Anaika buledi uja pamiyendo panga, n'kuti, "Idyani, ababa, odwala ndinu," n'kulowa m'nyumba. Kutacha anabwerera ku Zomba osanditsanzika. Anakapempha akuluakulu a sukulu kuti amuganizire, koma angamuganizire bwanji wodwalayo akusinja? Zoti aname ngati bambo ake, iye anakana. Malo anapita.

Chimene chimandipsetsa mtima kwambiri ndi ichi. Patapita miyezi, pa bawo pomwe paja, a Jafali omwe aja anafika atavala jekete dzuwa likuswa mtengo, akulengeza kuti mphwawo, mwana wa mlongo wawo, walowa maphunziro a kompyuta ku Zomba. "Imeneyi ndiyo ntchito ya mawa," anatero, osaphethira n'komwe. Ndinawafunsa kuti nanga za tiyi zija? Anati kwa mwana wamwamuna ndi nkhani ina. Kaya anachita dala kuti mphwawoyo achepekeredwe opikisana naye, kaya ndi pakamwa chabe, sindidziwa. Chimene ndidziwa n'chakuti bawo ndinaligubuduza, nkhomo zinamwazika mpaka m'ngalande, ndipo anachita kundigwira anthu. Koma ngakhale ndikanawathyola mano, lamya sanaimbe iwo. Ndinaimba ine, ndi pakamwa panga pomwepa.

Zainabu anamaliza uphunzitsi, ndipo amaphunzitsa masamu kutali ndi kuno. Amati ndi mphunzitsi wabwino. Ndimamvera kwa anthu, chifukwa ine akandipeza amandipatsa moni wa ulemu wonse, wozizira ngati madzi a mumtsuko, nkhani n'kuthera pomwepo.

Inu owerenga, makamaka abambo anzanga a sukulu yoduka ngati yangayi, mwana akakuuzani chinthu chimene simukuchidziwa, nenani kuti sindikudziwa. Palibe amene anafa ndi mawu amenewo. Tsogolo la mwana musalitengere ku bawo, kumene anthu amaseka kuti tsiku lithe, madzulo aliyense n'kupita kukasamala ana ake. Ndipo matenda si chingwe chokokera mwana kunyumba.

Usiku wa tsiku limene Zainabu anafika ndi buledi uja ndinalowa kuchipinda ndikuyembekeza mkuntho. Mkazi wanga sanakweze mawu. Anali atakhala pamphasa, atandifulatira, n'kunena pang'onopang'ono:

"Bambo a Zainabu, sukulu ya mwana mwaipha, imeneyo mudzayankha kwa Mulungu. Koma ine mwandilakwira chiyani? Tsiku limene ndidzadwale zenizeni, mudzaimba lamya, iye adzati ababa ayambanso. Ndidzafa ndikuyang'ana kumsewu."