Ndime ya Mwana wa a Jafali

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, a Nyoni, ndimamva fungo la utsi wa mapesi onyowa losakanikirana ndi la choko chimene chinakanirira m'jekete lawo ngakhale anali atapuma kalekale pa uphunzitsi, ndipo m'makutu mwanga mumabwerera kulira kwa malole otsetsereka ku Biriwiri ndi mphepo ya m'mapiri yogwedeza malata a pakhonde pomwe ankakhala masana akusenda nzimbe ndi kampeni kobuntha. Ndinakulira pakhomo pawo. Wowatungira madzi osamba ndinali ine, wotsekera mbuzi ndinali ine, wokankha njinga ya matumba a kachewere popita ku Lizulu ndinali ine ndemwe. Koma kampando ka pambali pawo sikanali kanga ayi. Kanali ka Idrisa.

Idrisa anali mwana wa a Jafali, aneba athu a okala ya pamsewu, ndipo tinali kalasi imodzi. Bambo ake anapempha agogo kuti azimuthandiza kulemba chimangirizo, ndiye masana alionse kamnyamatako kankatulukira ndi malaya ochapa bwino, kakununkhira sopo wa mu okala, n'kukhala pakampando paja ngati kwawo. Ine agogo ankangoti, "Iwe ndiwe wapakhomo, tidzaona mawa." Mawalo silinkafika. Ndikadandaula, agogo aakazi ankati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mwambi umenewo ndinadana nawo, ndipo mpaka pano sunandilowe.

Tsiku lina ndikukazinga chimanga kukhitchini, ndinamva agogo akuuza agogo aakazi kuti, "Mwana wa a Jafali uja, ndime yake ndi yowongoka bwino, yopanda ndi udzu womwe." Idrisa ndime? Idrisa wa manja ofewa ngati khanda, wosadziwa ndi kogwira khasu komwe? Kwathu ndime ndi gawo la munda limene munthu wapatsidwa kuti alime, ndipo pa zimenezo panalibe mwana wondiposa m'mudzi monse. M'mawa mwake ndinalawirira kumunda wa kachewere nkhungu isanachoke, ndinapalira ndi mkwiyo, mzere ndi mzere, mpaka matuza anaphulika m'manja. Kenaka ndinakawakoka agogo dzanja.

"Bwerani mudzaone ndime yanga!"

Anafika, anayang'ana, anatola mbatata zimene khasu langa linadula pakati chifukwa cha phuma, n'kuyamba kuseka mpaka kutsokomola. "Lameki, iwe! Ndimanena ndime ya papepala, ya m'chimangirizo. Wandiphera mbatata zanga chifukwa cha nsanje?" Manyazi anandigwira, koma imene inakula ndi nsanjeyo.

Kuyambira pamenepo, Idrisa akabwera ndinkapeza chochita pabwalo, makamaka kutongola chimanga, khutu lili kukhonde. Ankaphunzira chimangirizo cha mtsutso. "Ndime imodzi, mfundo imodzi," agogo ankatero. "Mapanga awiri avumbwitsa." Chiganizo choyamba ankati chinene poyera chimene ukufuna, osazungulira ngati mkamwini wopempha munda. Chikatero pabwere chifukwa chake, kenaka chitsanzo choti munthu angachione ndi maso. Ndiye panali lamulo limene ankalikonda kwambiri, polinena ankaloza ndi kampeni kaja: "Wokutsutsa umupatse mpando. Unene wekha mfundo yake yamphamvu, kenaka uyigwetse. Ukamubisa kuseri kwa chitseko adzatulukira pamapeto." Idrisa akamaliza kuwerenga zake, agogo ankagwedeza mutu n'kunena kuti, "Iyi ndiye ndime." Mawu amenewo ndinkawalakalaka kuposa mpunga wa pa Khirisimasi.

Ndiye ndinati basi, kulira kwakwana, ndiwalembera iwo omwewo. Ndinang'amba pepala m'kope la masamu, ndinakakhala kuseri kwa khola, kulemba, kufufuta, kulembanso, mpaka pepala linatsala pang'ono kubooka. Loweruka masana ndinawapeza ali okha, ndinagwada n'kupereka ndi manja awiri.

"Werenga wekha," anatero.

Ndinawerenga: "Agogo asiye kuphunzitsa Idrisa, ayambe kuphunzitsa ine. Chifukwa chake n'chakuti mphunzitsi ndi wa amene sadziwa, monga mankhwala ali a wodwala. Mwachitsanzo, teremu yathayi Idrisa anakhoza chimangirizo, ine ndinalephera, ndipo kalasi yonse inaona aphunzitsi akundikoka khutu. Ena anganene kuti Idrisa ndi wanzeru kuposa ine, ndiye nthawi ya agogo siwonongeka pa iye. N'zoona, ndi wanzeru. Koma wanzeru akhoza kuyenda yekha, pamene mbuli ikasiyidwa imagwa. Choncho mpando uja ukhale wa mbuli, ndipo mbuliyo ndine."

Kulemba ndi dzanja langa kuti Idrisa ndi wanzeru kunandiwawa ngati kuzula dzino, koma lamulo linali lamulo.

Agogo anavula magalasi. "Wakuthandiza ndani?"

"Palibe, agogo."

"Iyi ndiye ndime."

Mayo ine! Ndinamva kukoma mpaka kumsana. Maso anga anali atafika kale pakampando paja, ndikuganiza zokapukuta fumbi la Idrisa. Koma agogo anapinda pepalalo, analowetsa m'thumba la jekete, n'kuwonjezera kuti, "Mlandu sagamula atamva mbali imodzi. Idrisa ayankhe."

Lolemba Idrisa anabwera monga mwa masiku onse, ndipo agogo anamupatsa pepala langa ine nditaima pomwepo. Anawerenga, anandiyang'ana, anakanda m'mutu, n'kuyamba kulembera pabondo, osafufuta ndi kamodzi komwe. Zimenezo zokha zinandipsetsa mtima. Atamaliza anaimirira, nawerenga mofatsa ngati akuwerengera kasitomala mitengo ya katundu:

"Agogo asandichotse pampando. Lameki akuti mpando ndi wa mbuli, ndipo ndikuvomereza. Koma umboni woti iye si mbuli ndi pepala lake lomweli, pakuti mbuli singalembe ndime yotere. Ena anganene kuti analephera teremu yatha, koma nthawi imeneyo anali asanamve agogo. Iye waphunzira ali patali, akutongola chimanga, pamene ine ndimafunika kukhala pafupi kuti ndimve. Choncho wofunika mpando ndine."

Agogo anaomba m'manja, anaseka mpaka misozi, anaitana agogo aakazi kuti asiye zotsuka adzamve. "Wamukwapula ndi ndodo yake yomwe!" ankatero. Ndinafunafuna poti ndigwire, kaya chiganizo chosochera, kaya chitsanzo chabodza, koma sindinapeze. Mnyamata uja anandiyamikira pamaso pa agogo anga, ndipo kuyamikirako n'kumene kunandigwetsa. Pamenepo malamulo onse ndinawataya.

"Agogo, koma ine ndine mdzukulu wanu!"

Anasiya kuseka, anandiyang'ana mwachifundo ndithu, koma anati, "Imeneyo ndi mfundo ina, Lameki. Ikufuna ndime yakeyake."

Ndinachoka ndikulira, ndipo madzulo amenewo mbuzi zosalakwa zinalowa m'khola ndi zikwapu. Kampando kanakhalabe ka Idrisa mpaka tinalemba mayeso omaliza a pulayimale, ine ndikumvera chapatali, chimanga cha pakhomo ndikuchitha kutongola. Ndime ya mdzukuluyo ndinayesa kuilemba kangapo agogo ali moyo. Chiganizo choyamba chinkatuluka mosavuta, zitsanzo zinalipo zodzaza nkhokwe, koma ndikafika poti ndinene mfundo ya wonditsutsa, cholembera chinkaima. Ndinkaopa kulemba kuti mwina agogo ankamukonda Idrisa kuposa ine, chifukwa sindinkadziwa ngati ndingathe kuyigwetsa.

Agogo anatisiya kale. Lero ndine mphunzitsi wa Chichewa pa sekondale ina kuno ku Ntcheu, ndipo chimangirizo cha mtsutso ndimachiphunzitsa mmene ndinachibera pabwalo paja. Idrisa amagwira ntchito ku Lilongwe, ndipo akamadutsa salephera kuima pakhomo panga ndi buledi wa ana. Ndi munthu wabwino, ndilibe naye chifukwa. Timacheza, timaseka za mbatata zodulidwa zija, ana anga amamutcha amalume. Koma nkhani ikafika pa a Nyoni, iye amapumira m'mwamba n'kunena kuti, "Eee, agogo athu aja!" Ine ndimamwetulira, ndimamuthirira tiyi wina, koma mawu akuti athuwo sandilowa. Anali agogo anga.