Anapereka Kapena Anabwereketsa

"Werenganinso," ndinatero.

Mkulu uja anasendeza pepala pafupi ndi maso. Kale anali womasulira milandu pa boma. Tsopano mwendo unali utalemala, ankasoka matumba pakhonde la sitolo ku Chadiza. Anawerenga Chingerezicho chamumtima, n'kuchitembenuza pang'onopang'ono.

"Apa palembedwa kuti alamu anu anapereka ng'ombe ziwiri kwa inu pokwatira mlongo wanu."

"Sindinanene choncho."

"Pepala likunena choncho. Dzina lanu nali, mwasaina kale."

Mlamu wangayo anali Mngoni. Anamwalira dzinja la chaka chimenecho. Abale ake anafika kwathu ku Zemba kudzatenga ana atatu, ati tinalowola. Kwathu sitilowola. Ana ndi a kwa mayi, ndipo mwini mbumba ndinali ine. Ng'ombe zija mlamu anangondibwereketsa kuti ndizilimira pulawo. Koma khoti la mfumu linamvera iwo. Chinatsala n'kuchita apilo kwa bwana wa boma mwezi usanathe, pa pepala, m'Chingerezi. Ndikachedwa, ana apita.

Maloya enieni anali ku Fort Jameson, ndipo sanali a anthu ngati ife. Athu anali olemba makalata. Tinkawatchula maloya chomwecho.

Masiku atatu ndinali pa njinga, kufunafuna wondilembera. Mphunzitsi wa ku Zingalume anakana, ati a mishoni sakonda za milandu. Wina ndinam'peza ataledzera dzuwa lisanafike pamutu. Wachitatu anali wa tayi ndi chikwama chachikopa. Ndisanakhale n'komwe anati, "Achimwene, mwapambana kale." Analemba msanga, ine ndikulankhulabe. Ndinasaina.

Pa njira mtima unakana. Munthu uja sanandifunse kanthu ngakhale kamodzi. Ndinatsika pa njinga, ndinatulutsa pepala. Sukulu ndinalekera Sitandade 2. Ndinazindikira mawu awiri okha, ng'ombe ndi ziwiri. Ndinakweranso. Ndinatsikanso pa mtsinje. Pomaliza ndinatembenuza njinga. Mayi wina wogulitsa mtedza ndiye anandilozera wosoka matumbayo.

"Wa tayi uja wandigulitsa," ndinati.

"Kaya. Mwina wadya kwina, mwina ndi ulesi chabe. Khalani pansi, bambo, mukunditchingira kuwala."

Sindinakhale.

"Ng'ombezo zili kuti?"

"Ili m'khola."

"Ili? Paja mwati ziwiri."

Ndinayang'ana kumsewu. Imodzi ndinaipha pa maliro a amayi. Mlamu ankadziwa, sananene kanthu. Ndinamuuza mkuluyo.

"Wobwereka sapha," anatero. "Alamu anu akanatha kukuimirani, koma agona. Otsalawo adzati munapha chifukwa inali yanu. Ikakhala yanu, ana ndi awo."

"Lembani kuti inafa ndi matenda."

Anaseka, singano ili kukamwa. "Pitani kwa wa tayi uja, alemba. Kenako bwana adzafunsa amene anadya nyama. Anadya ndani?"

"Mudzi wonse."

"Ndi alamu anu omwe?"

"Anatenga mwendo."

"Ehe."

Ndinachoka. Ndinakankha njinga mpaka kumsika, ndinazungulira, osagula kanthu. Wa tayi ndinamuona patali, ali pansi pa mtengo ndi munthu wina, akum'gwira paphewa. Ndinaima nthawi yaitali. Uyu akananama mmene ndikufunira. Uja anali atandivula pakhonde, anthu akudutsa. Ndinabwerera kwa wondivulayo.

"Mwabwera," anati, osadzutsa mutu. "Muli nayo ng'ombe yanuyanu?"

Ndinali ndi thadzi limodzi, la thukuta la zaka ziwiri m'mafamu a fodya ku Halale. Linali ndi bere.

"Bwezani ziwiri. Masana, mboni zikuona. Ine ndilemba kuti munabwereka, munapha imodzi, mwabweza. Bwana amakhulupirira munthu wodzinenera yekha choipa chake. Ndaima pambali pawo zaka zambiri."

"Ndipambana?"

"Sindidziwa."

"Uja anati ndapambana."

"Uja."

Analemba mpaka dzuwa linapendeka. Ankafunsa chilichonse, chaka, mwezi, amene analipo pamene ng'ombe zinkalowa m'khola. Ndinatopa naye. Anandiwerengera kawiri, n'kundituma kwa kalaliki wa ku chipatala kuti akandiwerengerenso. "Musakhulupirire ine ndekha," anatero. Kalalikiyo anawerenga zomwezo.

Ng'ombe ndinaziperekeza ndekha. Thadzi linkacheuka njira yonse.

Tsiku la mlandu mkuluyo sanaloledwe kulowa. Anakhala panja ndi matumba ake. Bwana anawerenga pepala, anafunsa abale a mlamu ngati analandira ng'ombe. Anavomera. Anawafunsa kuti ngati zinali za malowolo, anazilandiriranji. Anayang'anizana. Ana anatsala kwa mayi wawo.

Mlongo wanga analira mokweza. Ine ndinkaganiza za khola lopanda kanthu, mvula ili pafupi, munda wonse wa khasu.

Panja mkuluyo anakweza mutu.

"Zatha bwanji, bambo?"

Ndinamasula nkhuku imene ndinaimangirira pa njinga kuyambira m'mawa. Ndinaiika pafupi ndi mwendo wake wolemalawo. Ndinagwira njinga, ndinaikankha kulowera njira ya ku Zemba.