Malume ndi Kamwana ka Hatchi Kotuwa

Atapuma pa ntchito yometa tsitsi, malume anga anayamba kusamalira mahatchi awiri a mlamu wawo, yaimuna ndi yaikazi, onse ofiirira. Chimene ankalakalaka chinali hatchi yakuda bii, koma ife tinkangowaseka kuti makolo ofiirira angabereke bwanji mwana wakuda.

Yaikazi itabereka, kamwanako kanatuluka kotuwa ngati phulusa. Malume anangoti kukamwa yasa.

"Adokotala, kameneka katengera ndani?" anafunsa dokotala wa ziweto atabwera kudzakapima.

"Musakanyoze, bambo," anayankha dokotalayo akukasisita pakhosi. "Hatchi yofiirira imatha kusunga mtundu wakuda m'magazi mwake osaonekera kunja. Mwana akautengera kwa bambo ndi kwa mayi omwe, amada. Ndipotu akuda ambiri amabadwa otuwa chonchi."

Kuyambira pamenepo malume ankakapesa m'mawa uliwonse, akucheza nako ngati kasitomala wakale. Patapita miyezi ingapo, ubweya waukhanda unayamba kuthothoka kuzungulira maso ndi mphuno, ndipo pansi pake panaoneka wakuda wonyezimira.

Tsiku lomwelo malume anandiimbira foni. "Kayamba kuda, mphwanga! Ubwere ndi ana ako Loweruka. Dzina sindinakapatse, ndikufuna adzasankhe iwowo."