Kukakonza Wotchi ya Kompyuta ku Chiuta

Ndinanyamuka pa Insaca m'mawa, chikwama chili pamiyendo chifukwa kobradori, kondakitala wa chapa, minibasi ya kuno, ankafuna kuchiponya pamwamba limodzi ndi matumba a chimanga. Ankalipiritsa metikaisi 150 mpaka pamphambano yolowera ku Chiuta. Chapa inadzaza, anakwezamonso ena, kenako ndi pomwe tinanyamuka.

Kufupi ndi nyanja ya Chiuta kuli kachipinda komwe tinaikamo makina omva kugwedezeka kwa nthaka. Makina otere ali m'malo angapo, ndipo kuti tidziwe komwe chivomezi chayambira timayerekeza nthawi yomwe chafikira pa makina aliwonse. Wotchi ya kompyuta imodzi ikanama, zonse zomwe yalemba zimakhala zinyalala. Ya ku Chiuta inali itayamba kunama. Ashefi, abwana anga ku Lichinga, sanazungulire: ikakanika kukonzeka tizula zonse, solala yomwe, ndipo a Saide, mlonda wa pamalopo, ntchito iwathera.

M'chapamo, pafupi nane panakhala mayi wina wa mabeseni opanda kanthu, wokagula matemba.

"Nanunso ndi nsomba?" anandifunsa.

"Ayi mayi, ndikukakonza wotchi."

Anayang'ana pamkono panga, panalibe wotchi. "Mpaka ku Chiuta? Ili ndi mwayi wotchi imeneyo."

Pamphambano ndinadya chinangwa chokazinga ndi tiyi wa shuga wambiri, n'kukwera mota, njinga yamoto yahayala, ya metikaisi 200. Mwini wake anakulira ku Malawi nthawi ya nkhondo, ndipo njira yonse ankandiuza kuti kumeneko misewu ndi yabwino. Tinagwa kamodzi mumchenga, pang'onopang'ono, popanda wovulala.

Ndinafika dzuwa lili paliwombo, a Saide ali kumzikiti. Atabwera anandilonjera mwaulemu wonse, n'kutsekula loko.

Ntchito ya wotchiyo imayenda chonchi. Padenga pali kabokosi ka GPS komwe kamagunda kamodzi pa sekondi iliyonse, ndipo kompyuta imakonza wotchi yake pomvera kugundako. Kompyuta yakale inali ndi khomo lakelake la siriyo, lija la timano tisanu ndi tinayi, ndipo kugunda kunkafika nthawi yomweyo. Itafa tinaika yatsopano yopanda khomo limenelo, choncho kugunda kumadutsa pa kachingwe kotchedwa adaptadori n'kulowera pa USB. Pamenepo uthenga sulowa wokha, umadikira kompyuta ibwere kudzafunsa. Kuchedwako kumasinthasintha, koma sikupitirira kwenikweni gawo limodzi mwa magawo chikwi a sekondi. Pa ntchito yathu zimenezo timapirira nazo.

Zomwe ndinapeza patebulo n'zina. A Saide anali atagula ku Entre Lagos kabokosi kochulukitsa mabowo a USB, ndipo adaptadori yathu inali m'menemo, pakati pa mafoni otchajidwa ali ndandanda ngati ana amphaka akuyamwa. Munthu akalumikiza foni yothima, mphamvu inkatsika, adaptadori n'kuzima kaye, kompyuta n'kutsala ikungoganizira nthawi payokha.

"Ndimaona magetsi akungotayika, ashefi," anatero a Saide. Analoza mafoniwo imodziimodzi. "Iyi ndi ya apongozi anga. Iyi ya ashehe. Iyi mwini wake ali ndi mwana kuchipatala ku Cuamba, amadikira uthenga. Mukanawakaniza inuyo?"

Ndinazula zonse, adaptadori n'kuipatsa bowo lake yokha, ndipo ndinakhala pansi kuyang'ana manambala pa laputopu. Poyamba ankadumpha, kenako anayamba kufatsa. Akazi a a Saide anabweretsa mpunga ndi nsomba za makumba, tinadya maso ali pagalasi. Ndinayezanso batire kuti mwina mafoni angamadye kumbali, koma ndi laling'ono, kukachita mitambo silingafikitse makina m'mawa.

Dzuwa litapendeka ndinatulutsa guluu n'kumata mabowo onse otsala. A Saide anaonerera mpaka ndamaliza.

"Tsono mukawauze ndinu," anatero motsitsa mawu. "Inu mukwera mota. Ine ndigona konkuno."

Ndinaima pakhomo, mafoni ali m'chipewa, n'kufotokozera eni ake omwe ankadikira panja. Ndinayesa kunena za chivomezi, koma mawu anga omwe ankamveka opanda mutu. Apongozi aja anatola yawo n'kumapita. Bambo wina anaseka pang'ono.

"Dzuwa ndi lathu, nthaka ndi yathu, koma magetsi ndi a wotchi."

Zinandipweteka, chifukwa sananame.

Pobwerera mota sinagwe, ndipo ndinapeza chapa yomaliza ikununkha matemba. M'njira ndinkaganiza kuti kusukulu anatiphunzitsa kuwerengera kuchedwa kwa chingwe chilichonse, koma palibe anatiuza kuti bowo lamagetsi lopanda ntchito pamudzi silikhala lopanda ntchito nthawi yaitali. Kulakwa kunali kwa ife amene tinalisiya poyera.

Tikulowa mu Insaca kunabwera uthenga wa ashefi: nthawi ya ku Chiuta yalondola, makina atsala, mlonda apitirize ntchito. Ndinatsika chapa n'kuwaimbira a Saide kuti amve okha nkhani yabwinoyi. Foni yawo inali yothima. Nayonso inali imodzi mwa mafoni omwe ndinabweza m'chipewa muja.