A Bondo ndi Nsalu Yakuda ya Alamu Awo

Bambo amene anzawo ankawatcha a Bondo analowa ntchito pafakitale yonyika nsalu mu Epulo 1987, ndipo anapuma mu Disembala 2019. Dzinali linachokera pa chizolowezi chawo. Nsalu ikauma, ankaikoka n'kuiphimbitsa pabondo kuti aone ngati utoto walowadi. Paja nsalu yotamuka imanamiza maso: ikakhala patebulo imaoneka yakuda bii, koma ukaikoka, ulusi wa mphira umene uli m'kati umasuzumira uli mbuu, ndipo onyika amati nsaluyo yaseka.

Kwa zaka zambiri utoto wakuda unali wa a Bondo okha. Ena ankanyika zofiira ndi zobiriwira, koma ntchito yakuda ikabwera, mayi mwini fakitale sankafunsa n'komwe woti aigwire.

Mu 2004 mchemwali wawo, amene anali telala, anawadandaulira kuti amuna ake akhalitsa pakhomo opanda chochita. A Bondo anawatenga alamuwo, n'kuwaphunzitsa kunyamula ndowa, kuyeza ufa wa utoto pasikelo ndi kuwerenga chizindikiro cha kutentha. Masiku amenewo ankawayamikira pagulu kuti ndi munthu womva.

Zinthu zinatembenuka mu 2011, pamene ogula anayamba kubweretsa nsalu ya poliyesita yosakaniza ndi ulusi wa mphira, yosokera mathalauza a masewera. Poliyesita samwa utoto pokhapokha madzi atatentha kwambiri, pamene mphira amadana ndi moto. Nsalu za a Bondo zinayamba kutuluka zamawangamawanga, koma za alamuwo zinkada mofanana kuchokera m'mphepete kufika m'mphepete.

Alamuwo sankabisa kanthu. Ankauza aliyense, ngakhale mlonda wa pageti, kuti nsaluyi imabwera ndi mafuta a makina olukira, choncho iyenera kuchapidwa ndi sopo mpaka madzi atasiya kuterera, kenaka moto uzikwezedwa pang'onopang'ono ngati ukunyengerera mwana. Atafika nawo malangizowa kwa a Bondo, yankho linali lalifupi.

"Alamu, ndowa ndinakuphunzitsani kunyamula ndine. Lero mwati mundiphunzitse kuchapa?"

A Bondo ankakhulupirira kuti munthu sangaulule chinsinsi chenicheni mwaulere chotero. Ankati zochapazo n'zophimba anthu m'maso, ndipo nzeru yeniyeni ili penapake. Anayamba kudutsadutsa pamakina a alamuwo ngati akufunafuna chinthu, maso ali pachizindikiro cha kutentha. Kunyumba kwa mchemwali wawo anasiya kupitako, ati miyendo ikuwawa.

Mu Ogasiti 2012 mwini fakitale anagula makina aakulu otseka, ndipo analengeza kuti ntchito yonse yakuda idzadzera mmenemo, pansi pa munthu mmodzi. Anapereka mpukutu wa nsalu kwa a Bondo, wina kwa alamuwo, n'kunena kuti amene nsalu yake ikongole ndiye atenge makinawo.

Alamuwo ananyika Lolemba, monga mwa masiku onse. A Bondo ananyika Lachiwiri. Kuchapa anachapa ndithu, ngakhale anayembekeza kaye kuti alamuwo atuluke. Koma mtima sunakhutire ndi kungofanana. Pachizindikiro cha kutentha panali mzere wofiira umene makaniko anajambula ngati malire, ndipo a Bondo anaudutsa, n'kuisiya nsaluyo mmenemo nthawi yaitali.

Nsalu yonga imene inatulukayo inali isanaonekepo pafakitalepo. Inali yakuda ngati makala onyowa, moti ya alamuwo itaikidwa pambali pake inkaoneka ngati nthenga za khwangwala wokalamba. Ogwira ntchito anasonkhana, ena akuigwira, ndipo a Bondo anaima manja ali kumbuyo, osayang'ana munthu.

Mwini fakitale anangoti, "Iikeni pabondo, bambo."

Anaikoka, n'kuiphimbitsa. Sinaseke ngakhale pang'ono. Koma atachotsa mwendo, nsaluyo inatsala itatukuka chomwecho, ngati chipewa cha mwana. Mphira anali atapsa. Ya alamuwo itakokedwa inabwerera pamalo pake phwa, ndipo makinawo anapatsidwa alamuwo tsiku lomwelo. A Bondo anatumizidwa ku nsalu za thonje, kumene anakhala mpaka kupuma.

Mpukutu wowonongekawo unalembedwa kuti utayidwe, koma mchemwali uja anaupempha. Anasoka thalauza n'kupita nalo yekha kwa mchimwene wake, akuti nsalu yokongola chotero si yotaya, komanso miyendo yowawayo imafuna chofunda. A Bondo analandira osathokoza, koma kuyambira pamenepo sanaphonyenso ukwati kapena maliro a pachibale, ndipo kulikonse ankavala thalauza lomwelo n'kusankha mpando woyandikana ndi alamuwo.

Tsiku lotsanzikana nawo pafakitale, alamuwo ndiwo anayankhula m'malo mwa antchito, ndipo ananena poyera kuti zonse zimene amadziwa anaphunzira kwa a Bondo. Anthu anaomba m'manja. Alamuwo atabwerera pampando, a Bondo anasendeza mwendo wawo, thalauza litalendewera m'mawondo ngati matumba, mpaka linakhudzana ndi thalauza lakuda la alamuwo.

"Alamu, taonetsetsani bwino pano pali kuwala," anatero motsitsa mawu. "Lakuda kwambiri ndi liti?"