Tsiku Limene Tinazula Zikhomo

Ndinafika ku Kaporo ndi sutikesi imodzi komanso chifundo chodzaza mtima, chifundo chimene palibe anali atandipempha. Boma linandichotsa kwathu ku Ntcheu kuti ndikaphunzitse ana osaona pasukulu ina ya pulayimale. Zinali zaka zija za chipani chimodzi, pamene mayi woyembekezera ankagula makhadi a chipani awiri, lake ndi la mwana wam'mimba, kuti naye asabadwe woukira.

Wamkulu mwa ana anga a sukuluwo anali mnyamata womera kale ndevu, chifukwa bambo ake anazengereza zaka zambiri asanamulole kuyamba sukulu. Anamaliza Sitandade 8 akuwerenga zilembo za madontho mofulumira kuposa ine mwini satifiketi. Atamaliza anakana kubwerera pakhonde pa bambo ake, pamene ntchito yake yonse inali kuingitsa nkhuku pampunga woyanika. Ankafuna nyumba yake ndi munda wake.

Bambo akewo anali munthu wa ng'ombe zambiri ndi mawu ochepa. Anamupatsa kanyumba kakale kuseri kwa nthochi ndi kachigawo ka munda wa mpunga, koma anaikapo lamulo, ine ndikumva. "Ukagwa, ukapsa, ukasochera, nibwera kukutola. Palibe kukambiranaso."

Mnyamatayo sanatsutse. Anadula nsungwi n'kusema zikhomo, anapota yekha zingwe za khonje, ndipo kwa masabata atatu anakhala akuyeza pakhomo pake phazi ndi phazi. Chingwe china chinkachoka pachitseko kupita kuchimbudzi, china kuchitsime. Chachitali chinkapita kumunda, ndipo icho chinali ndi mfundo. Mfundo imodzi inkamuuza kuti akhote, zitatu zinkamuuza kuti ngalande yafika, afufuze ndi phazi thabwa lowolokera. Pofika nthawi yofesa nazale ankayenda njira imeneyi ndi khasu paphewa akuimba mluzu.

Zimenezi zinatikhumudwitsa ife anthu abwino. Munthu wosaona akuyenda yekha, ife tilipo? Tinapanga komiti yomuthandiza. Atcheyamani a nthambi ya chipani anakhala pampando, amayi a kutchalitchi anabwera asanu, ine ndinasankhidwa mlembi chifukwa ndinali ndi cholembera. Tinkakumana Lachitatu lililonse pansi pa mtengo wa mango, ndipo msonkhano uliwonse atcheyamani ankautsegula ndi mawu akuti mutu umodzi susenza denga. Mwini dengalo sitinamuitanepo ngakhale kamodzi. Tikanamuvutitsiranji, poti zosowa zake tinkazidziwa kale?

Ndiye kunamveka kuti bwana wamkulu wa chipani akubwera kuchokera ku boma kudzaona chitukuko cha m'dera lathu. Chitukuko chinali chosowa chaka chimenecho. Mlatho unali utapita ndi madzi, denga la sukulu linali litasasuka. Atcheyamani anakumbukira kuti tili ndi munthu wosaona wokhala yekha, ndipo anaona kuti ameneyu ndiye chitukuko chathu.

Tsikulo m'mawa ndinapita kukamutenga. Ndinamusiya kusukulu m'manja mwa ahedi kuti amuveke jekete yobwereka ndi kumuloweza mawu othokoza komiti. Ine ndinabwerera kunyumba kwake kukayang'anira ntchito yoyeretsa. Amayi anali akuzira khonde, anyamata a chipani akulambula bwalo. Atcheyamani anaima, manja m'chiuno, akuyang'ana zingwe zija.

"Vingwe ivi ni vya vichi? Bwana aziti tikuweta mbuzi pano? Zulani vyose!"

Apa ndiyenera kunena zoona. Ine ndinkadziwa ntchito ya chingwe chilichonse. Kuwerenga mapazi ndinamuphunzitsa ndine. Koma masiku amenewo mphunzitsi wobwera sankawongola atcheyamani pagulu, pokhapokha ngati watopa ndi ntchito. Ndinangoti chamumtima tidzabwezeretsa mawa. Anyamata anazula zikhomo n'kuziunjika kuti amayi aphikire alendo. Zingwe tinagawana, kuti zisawonongeke. Atcheyamani anatenga cha kuchitsime kukamangira thole lawo. Ine ndinatenga chachitali chija, popeza kunyumba kwanga ndinkayanika zovala pampanda. Masana, podikira alendo, ndinakhala pakhonde panga n'kumasula mfundo zonse imodziimodzi, chifukwa zovala zimakodwa pamfundo. Ndinaigwira mosamala ntchitoyo, moti zikhadabo zinandiwawa.

Bwana anafika dzuwa litapendeka. Tinabweretsa mnyamata wathu titamugwira mikono uku ndi uku ngati wodwala, tinamuimika pachitseko pake, ndipo ananena mawu ake osaphonya. Bambo ake anali chilili kumbuyo kwa gulu, atatsamira ndodo. Zikanathera pomwepo, bwenzi lero ndilibe chosimba. Koma bwana anakondwa, n'kunena kuti akufuna kuona ndi maso ake mmene mnyamatayu amapitira yekha kumunda.

Mnyamatayo anamwetulira, chifukwa ichi ndicho chokha ankafuna kuonetsa. Anatambasula dzanja pamphuthu pomwe chingwe chinkayambira. Anapapasa m'mwamba, anapapasa m'munsi. Kenako anatembenuzira nkhope kumene anamva mawu anga komaliza.

"Aphunzitsi?"

Ine ndinayang'ana nsapato zanga.

Sanafunsenso. Anayamba kuyenda akuwerenga mapazi, milomo ikugwedezeka. Mwina akanatha, chifukwa madzi a m'ngalande ankawamva ndi makutu ali patali. Koma amayi, pofuna kumulimbikitsa, anayambitsa nyimbo ndi nthungululu, akumutsata pambuyo uku akuomba m'manja. Anakhota mochedwa, anaphonya thabwa ndi mapazi awiri okha, ndipo anagwera m'ngalande ndi jekete ya ahedi.

Anthu anathamanga ambirimbiri kukavuula munthu m'madzi olekeza m'mawondo. Bwana analankhula mawu okhudza mtima, kuti taona tokha chifukwa chake anthu oterewa safunika kusiyidwa okha, ndipo anayamikira komiti. Tinaomba m'manja. Bambo ake sanaombe. Anayandikira mwana wawo, matope akuchucha, n'kunena liwu limodzi: "Mawa."

Safunsa anadya phula, amatero akuluakulu. Koma ife tinali ochenjera: osafunsa tinali ife, phulalo anadya ndi iye. Madzulo amenewo ndinaona chingwe chija kuseri kwa nyumba yanga, malaya anga awiri akulendewera bwinobwino, ndipo ndinachita manyazi amene sindinawachitepo chibadwire.

Kutacha ndinachikulunga n'kupita nacho. Ndinamupeza mnyamata uja atagwada pabwalo akupapasa dothi. Anyamata a chipani, Mulungu awadalitse chifukwa cha ulesi wawo, anazula zikhomo koma maenje sanafotsere. Iye ankawapeza ndi zala limodzilimodzi, n'kuzikamo kamtengo kalikonse komwe wapeza. Ndinamupatsa chingwe chija. Anachiyendetsa m'manja kuyambira kunsonga, ndipo ndinaona nkhope yake ikusintha.

"Mfundo mwamasula ndimwe?"

"Ndine."

"Zonse?"

"Zonse."

Kenako anachiyendetsanso pang'onopang'ono, ndipo pamene panali mfundo khonje anali adakali wopindika. Paliponse pomwe zala zake zamva kupindikako, ankamangapo.

Ali mkati mwa ntchitoyi, bambo ake anafika ndi ngolo ya ng'ombe yodzatengera mphasa ndi miphika ya mwana wawo. Ndinawalonjera, ndipo ndinawauza zonse, za atcheyamani, za thole, za malaya anga. Sanandiyang'ane n'komwe. Anaima akuonerera mwana wawo akukwawa kuchoka padzenje kupita padzenje, chingwe chikutambasuka pambuyo pake. Atafika kumunda, mnyamatayo anabwerera chiimire, dzanja pachingwe. Pamfundo zitatu anaima, anafufuza thabwa ndi phazi, anawoloka.

"Tata," anatero, "dzulo sindinagwe ndekha. Ananithandiza."

Mkuluyo anayang'ana ngalande, anayang'ana ine. Anatsitsa m'ngolo mtolo wa nsungwi zomwe ankapita nazo kukakonzera khola, n'kuuponya pansi pafupi ndi mapazi a mwana wake. Potembenuza ngolo anagwira ng'ombe pamphuno n'kuzizungulitsa patali, kuti gudumu lisaponde chingwe.

Ine misozi inali italengeza, ndipo mtima wanga wachifundo unadzukanso. Ndinamufunsa mnyamatayo ngati pali chilichonse chimene komiti ingamuchitire.

"Chilipo, aphunzitsi," anatero akupapasa nsungwi zija. "Tsiku lina mukazafunaso kunithandiza, muzaniuze kukali masiku awiri. Nibise vinthu vyane."

Lachitatu lotsatira komiti inakumana monga mwa masiku onse, ndipo atcheyamani anandiuza kuti ndilembe kuti ulendo wa bwana unayenda bwino. Ndinalemba. Chingwe cha kuchitsime sichinabwerere, thole linali litachizolowera. Mnyamatayo anapota china.